Kasankhidwe ka Kukula kwa Fayilo ya Kiyi Yotsegulira Disiki

Munthu akaganiza zoteteza disiki yake ndi encryption, njira yobisa deta kuti isawerengeke popanda kiyi, n'kusankha kuti izitsegulidwa ndi fayilo ya kiyi m'malo molemba pasiwedi nthawi zonse, funso limene limayamba kumuimitsa ndi lakuti fayiloyo ikhale yaikulu bwanji. Malangizo amene anthu amapatsana sagwirizana, chifukwa ena amati mabaiti 2048, ena 4096, ena mpaka mamegabaiti angapo, ndipo ndi ochepa amene amafotokoza kumene manambalawo achokera. Ine maganizo anga ndi akuti mabaiti 64 ochokera ku gwero lodalirika la manambala achisawawa ndi okwanira pa ntchito zambiri, ndipo kuonjezera pamenepo sikulimbitsa chitseko ngakhale pang'ono. Komabe nambalayi musaitenge mwachimbulimbuli, popeza pali mapulogalamu ena amene amafuna kukula kwakekwake. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene ndimatsata, ndipo zitsanzo zambiri ndazitenga ku LUKS, dongosolo lobisira deta ya pa disiki pa Linux, ndi cryptsetup, pulogalamu yoyendetsera dongosololi.

Choyamba: dziwani zimene pulogalamu yanu imachita ndi fayiloyo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tikhalapo nthawi yaitali.

Mu LUKS, dongosolo limene Clemens Fruhwirth anayambitsa mu 2004, fayilo ya kiyi si imene imabisa deta yanu mwachindunji. Deta imabisidwa ndi kiyi wamkulu amene cryptsetup imapanga yokha pa tsiku limene mwakonza disikiyo, ndipo kiyi ameneyu amasungidwa kumayambiriro kwa disiki, mu gawo lotchedwa header, ali wotsekeredwa m'timalo ting'onoting'ono. LUKS1 ili ndi timalo 8, pamene LUKS2 ikhoza kukhala ndi timalo tofika 32. Pasiwedi iliyonse kapena fayilo ya kiyi iliyonse imene mwaonjezera imangotsegula kamalo kamodzi kuti kiyi wamkuluyo atuluke. Kwa LUKS, fayilo ya kiyi ndi pasiwedi basi, kungoti yachokera m'fayilo osati pa kiyibodi.

Fayiloyo isanatsegule kamalo kake, imadutsa kaye m'masamu amene amaifinya kuti ikhale kiyi wa kukula kokhazikika. Mu LUKS1 masamuwo ndi PBKDF2, ndipo akamagwira ntchito ndi SHA-256, chilichonse chimene chapitirira mabaiti 64 chimayamba chafupikitsidwa n'kukhala mabaiti 32 ntchito yeniyeniyo isanayambe. Taganizirani bwino zimenezi. Munthu amene wapanga fayilo ya mabaiti 4096 akuganiza kuti ali ndi kiyi wa mabiti 32768, koma chimene chikulowadi m'masamuwo ndi mabiti 256 okha. Mu LUKS2, Argon2 imachita zofananako: imaphatikiza pasiwedi kapena fayilo ndi zinthu zina, n'kuzifinya ndi BLAKE2b kuti zikhale mabaiti 64. Ngakhale mutathira madzi a m'chitsime chonse, mtsuko umatenga okwana muyeso wake okha.

Mapulogalamu ena ali ndi malamulo awo. Mukamagwiritsa ntchito dm-crypt, gawo la Linux limene limabisa deta ya pa disiki, m'njira yotchedwa plain, imene ilibe header, fayiloyo ndiye kiyi weniweniyo ndipo sidutsa m'masamu aliwonse. Pamenepo cryptsetup imawerenga mabaiti okwana kiyi amene mwatchula n'kusiya otsalawo, ndipo fayilo ikakhala yaifupi imakana kupitiriza. Ngati mwasankha njira yobisira deta ya aes-xts-plain64 ndi kiyi wa mabiti 512, mukufunika mabaiti 64 ndendende, ndipo onsewo akhale achisawawa, chifukwa palibe masamu odzabisa kufooka kwawo. ZFS, imene ndi dongosolo losungira mafayilo pa disiki, ikamabisa deta ndi kiyi wa mtundu wa raw imafuna mabaiti 32, osapungula kapena kuonjezera. VeraCrypt, pulogalamu ina yobisira deta, imawerenga mabaiti 1,048,576 oyambirira okha a fayilo iliyonse ya kiyi ndipo otsalawo siiwaona n'komwe, pamene chida chake chopangira mafayilo a kiyi chimayambira pa mabaiti 64.

Malire a cryptsetup mungawaone nokha polemba lamulo ili n'kuyang'ana chakumapeto kwa zimene zatuluka:

`cryptsetup --help`

Pa makompyuta ambiri mupeza kuti fayilo ya kiyi singapitirire makilobaiti 8192, kutanthauza mamegabaiti 8, ndipo pasiwedi yolemba pa kiyibodi singapitirire zilembo 512. Nambala ya 8192 ndi malire chabe, si chiwerengero choti muzilimbana kuti muchifike.

Chachiwiri: werengani mabiti, osati kulemera kwa fayilo

Baiti imodzi ili ndi mabiti 8. Mabaiti 32 achisawawa ndi mabiti 256, ndipo chiwerengero cha makiyi amene wakuba angafunike kuyesa ndi 2 wochulukitsidwa ndi iye mwini maulendo 256, nambala imene polemba imatenga malo 78. AES, njira yobisira deta imene bungwe la NIST ku America linavomereza mu 2001 kuchokera ku ntchito ya Joan Daemen ndi Vincent Rijmen a ku Belgium, kiyi wake wamkulu kwambiri ndi wa mabiti 256 omwewo. Ena amasokonezeka akaona lamulo la luksDump, limene limaonetsa zimene zili mu header, likunena kuti kiyi wawo ndi wa mabiti 512. Chifukwa chake n'chakuti njira ya XTS imagawa kiyiyo pakati n'kugwiritsa ntchito magawo awiriwo pa ntchito zosiyana, moti mphamvu yake imakhalabe ya AES-256.

Choncho mabaiti 32 abwino afika kale pa mlingo wa loko mwiniwakeyo. Wakuba amene ali ndi nzeru sangavutike ndi fayilo yanu ya mabaiti 4096 pamene kiyi wamkulu ali ndi mphamvu ya mabiti 256, ndipo zonse ziwirizo n'zosatheka kuziyesa chimodzichimodzi. Nanga bwanji ndikunena 64 osati 32? Zifukwa zake n'zapafupi. Mabaiti 64 amakwana njira ya plain yokhala ndi XTS, amakwana VeraCrypt, amadzaza muyeso wa Argon2, ndiponso amakhalabe ochepa moti mungathe kuwalemba papepala. Amene akuda nkhawa ndi makompyuta a mtundu watsopano otchedwa quantum akumbukire kuti njira imene Lov Grover anatulukira mu 1996 imadula mphamvu ya kiyi pakati, ndiye kuti mabiti 256 amatsala ngati 128, amene akadali kutali kwambiri ndi kuthyoledwa. Pansi pa mabaiti 32 sindingalangize kutsikako, osati chifukwa mabaiti 16 athyoledwa mawa, koma chifukwa palibe chimene mukupindula pochepetsa.

Kodi ndiye kuti amene ali kale ndi fayilo ya mabaiti 2048 kapena 4096 alakwitsa? Ayi, ndipo asavutike kuisintha. Manambalawa anafala chifukwa anthu anazolowera kulemba dd, lamulo lokopera deta, ndi zigawo za mabaiti 512, zomwe ndi kukula kwa kagawo ka disiki zakale, n'kutenga zigawo zinayi kapena zisanu ndi zitatu. Ndiponso pa ext4, dongosolo losungira mafayilo pa Linux limene kawirikawiri limasunga zinthu m'zigawo za mabaiti 4096, fayilo ya mabaiti 64 ndi ya mabaiti 4096 zimadya malo ofanana. Kuipa kwa fayilo yaikulu kumaonekera pa nthawi yosunga kope lake, monga tionera kutsogoloku.

Chachitatu: pewani chithunzi, nyimbo kapena chikalata

Anthu ambiri amakopeka ndi maganizo otenga chithunzi cha mamegabaiti atatu n'kuchisandutsa kiyi, poganiza kuti chinthu chachikulu chotere palibe angachilote. Koma mphamvu ya kiyi siili m'kulemera kwake, ili m'kusadziwika kwake, chimene akatswiri amachitcha entropy. Ngati chithunzicho chili pa foni yanu, kapena munachitumizirapo munthu, kapena munachitenga pa intaneti, wakuba safunika kulota mabaiti ake. Amangoyesa mafayilo amene wawapeza, imodzi ndi imodzi. Ngakhale atakhala ndi mafayilo 1,048,576 oti ayese, ntchitoyo ikufanana ndi kuthyola kiyi wa mabiti 20 okha, chimene kompyuta singachedwe nacho.

Vuto lachiwiri ndi lakuti mafayilo oterewa amasinthidwa mwini wake asakudziwa. Pulogalamu yoimbira nyimbo ikhoza kukonza dzina la woimba m'kati mwa fayilo, pulogalamu yoonera zithunzi ikhoza kulembamo kuti chithunzicho chatembenuzidwa, ndipo baiti imodzi ikangosintha, kiyi wapita.

Chachinayi: sankhani ngati fayilo ikhale ya mabaiti wamba kapena ya zilembo

Fayilo ya mabaiti wamba ili ndi mabiti 8 a kusadziwika pa baiti iliyonse, koma simungaiwerenge kapena kuilemba pa kiyibodi. Mukafuna fayilo yowerengeka, kumbukirani kuti chilembo chilichonse cha hex (manambala 0 mpaka 9 ndi zilembo a mpaka f) chimanyamula mabiti 4 okha, pamene cha base64 (zilembo zazikulu ndi zazing'ono, manambala ndi zizindikiro ziwiri) chimanyamula 6. Kuti mufike pa mabiti 256 mukufunika zilembo 64 za hex kapena 44 za base64. Amene wapanga fayilo ya zilembo 32 za hex n'kumati ali ndi mabiti 256 wadzinamiza, chifukwa ali ndi 128 okha.

Pa LUKS, fayilo ya zilembo ili ndi ubwino umodzi umene ndimaukonda: tsiku limene fulashi yosungiramo fayiloyo yatayika, mukhoza kulemba zilembozo pamanja pamene kompyuta ikufunsa pasiwedi, bola fayiloyo isakhale ndi chizindikiro cha kutha kwa mzere kumapeto kwake. Pa njira ya plain ndi pa kiyi wa raw wa ZFS, gwiritsani ntchito mabaiti wamba.

Chachisanu: pangani fayiloyo

Lowani ngati root, woyang'anira wamkulu wa kompyuta, ndipo musanapange chilichonse, tsekani zilolezo kuti fayilo isabadwe yowerengeka ndi aliyense ngakhale kwa kamphindi:

`umask 077`

`head -c 64 /dev/urandom > /root/kiyi.bin`

Amene anazolowera dd alembe motere, ndipo zotsatira zake n'zofanana:

`dd if=/dev/urandom of=/root/kiyi.bin bs=64 count=1 iflag=fullblock`

Ngati mwasankha fayilo ya zilembo, lamulo lotsatirali limatenga mabaiti 48, omwe ndi mabiti 384, n'kuwasandutsa zilembo 64 popanda kuika kutha kwa mzere:

`head -c 48 /dev/urandom | base64 -w0 > /root/kiyi.txt`

Mkangano wakale wa pakati pa /dev/random ndi /dev/urandom, njira ziwiri zopezera manambala achisawawa pa Linux, usakutayitseni nthawi. Kuyambira pa Linux 5.6, imene inatuluka mu 2020, /dev/random siimaimaimanso kompyuta ikangomaliza kudzuka bwinobwino, ndipo ziwirizi zimatunga pa gwero limodzi. Chofunika n'chakuti mupange kiyi pa kompyuta imene mumaikhulupirira, osati pa tsamba la pa intaneti lopangira makiyi, ndiponso osati pomenyamenya kiyibodi ndi zala, chifukwa zala za munthu zimabwerera m'malo omwewo.

Kenako tsimikizani kukula kwake, mutseke fayilo kuti isalembedwenso, ndipo mutenge chidindo chake, chimene ndi mzere wa zilembo woimira zimene zili m'fayiloyo:

`stat -c %s /root/kiyi.bin`

`chmod 0400 /root/kiyi.bin`

`sha256sum /root/kiyi.bin`

Lamulo loyambalo liyenera kuonetsa 64. Chidindo cha sha256sum chilembeni pamalo pamene mudzasunge kope la kiyi, popeza ndi chimene chidzakuuzeni m'tsogolo ngati fayilo yasintha.

Chachisanu ndi chimodzi: onjezerani kiyi ku disiki, ndipo muyese musanapite patsogolo

M'zitsanzozi ndalemba /dev/sdb1, koma inu muikepo dzina la disiki yanu mutalitsimikiza ndi lsblk. Yambani mwasunga kope la header, chifukwa mukufuna kuisintha:

`cryptsetup luksHeaderBackup /dev/sdb1 --header-backup-file /root/header.img`

`cryptsetup luksAddKey /dev/sdb1 /root/kiyi.bin`

Ikufunsani pasiwedi imene ilipo kale, kenako iika kiyi watsopanoyo m'kamalo kopanda kanthu. Yesani kiyiyo popanda kutsegula disiki:

`cryptsetup open --test-passphrase -v --key-file /root/kiyi.bin /dev/sdb1`

Zikayenda bwino ikuuzani nambala ya kamalo kamene katseguka. Pasiwedi yakale musaifute. Isiyeni m'kamalo kake kuti ikhale khomo lachiwiri, koma dziwani kuti disiki yonse ndi yolimba mofanana ndi kamalo kofooka kwambiri. Fayilo ya mabiti 512 siithandiza kanthu ngati m'kamalo koyandikana nako muli pasiwedi ya zilembo zisanu ndi chimodzi, ndipo anthu ambiri amene amatha tsiku lonse akukangana za kukula kwa fayilo akanachita bwino kuthera nthawiyo pa pasiwediyi.

Pali chinthu china chimene mungasinthe ngati mukufuna. Masamu a PBKDF2 ndi Argon2 anapangidwa dala kuti azichedwa, pafupifupi masekondi awiri pa kutsegula kulikonse, ndipo Argon2 ikhoza kudya memory yofika gigabaiti imodzi, cholinga chake kukhala kutopetsa munthu woyesa mapasiwedi ofooka. Fayilo yachisawawa ya mabaiti 64 siifunika chitetezo chimenecho. Pa kompyuta yokhala ndi memory yochepa, kapena yotsegula madisiki ambiri podzuka, kamalo ka fayiloyo mungakapepukitse motere:

`cryptsetup luksAddKey --pbkdf pbkdf2 --pbkdf-force-iterations 1000 /dev/sdb1 /root/kiyi.bin`

Zimenezi muzichite pa fayilo yachisawawa yokha, osayerekeza kuzichita pa pasiwedi yoganiza ndi mutu.

Chachisanu ndi chiwiri: uzani kompyuta kumene kiyi ali

Kuti disiki izitseguka yokha kompyuta ikamadzuka, ikani mzere mu /etc/crypttab wokhala ndi dzina limene mwasankha, UUID ya disiki (nambala yake yoizindikirira), malo a fayilo, ndi mawu akuti luks. Fayilo ya kiyi ikhale pa disiki imene nayonso ndi yotetezedwa, kapena pa fulashi imene mumachoka nayo. Kuisiya pa gawo losatetezedwa la kompyuta yomweyo kuli ngati kukiya nyumba n'kusiya kiyi ali lende pachitseko.

Ena sakonda fayilo yooneka, ndipo amalemba mabaitiwo mwachindunji pa malo opanda kanthu a fulashi. Pamenepa kukula kuyenera kutchulidwa, chifukwa palibe fayilo yoti cryptsetup idziwe pamene yathera, ndipo mukapanda kutchula imawerenga mpaka kugunda malire a mamegabaiti 8 n'kukana. Mu crypttab mumalemba keyfile-size=64 ndi keyfile-offset= yotsatiridwa ndi nambala ya mabaiti oti iwadumphe, ndipo manambala awiriwa tsopano asanduka mbali ya kiyi wanu, moti mukawaiwala zili chimodzimodzi ndi kutaya fulashiyo.

Chomaliza: sungani kope, ndipo fayilo isakhudzidwe

LUKS imawerenga fayilo ya kiyi yonse, kuphatikizapo zizindikiro zosaoneka ndi maso. Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Tsiku lina ndinatsegula fayilo yanga ya zilembo ndi pulogalamu yolembera kuti ndingoiona, ndipo potseka ndinadina posunga mwachizolowezi. Kompyuta itadzukanso, disiki inakana, n'kumangobwereza uthenga wakuti palibe kiyi wogwirizana. Ndinayang'ana zilembozo kangapo, zonse zili momwe zinalili, thukuta lili kamukamu. Nditalemba stat ndi pamene ndinaona 65 pamalo pa 64: pulogalamu ija inali itaika kutha kwa mzere kumapeto. Baiti imodzi yokhayo nditaichotsa ndi truncate, disiki inatseguka. Lamulo la openssl rand -hex 32 nalonso limaika kutha kwa mzere, moti fayilo yake imakhala ya mabaiti 65, ndipo munthu akadzailembanso pamanja popanda baiti imeneyo, siigwira.

Apa ndi pamene fayilo yaing'ono imaonetsa ubwino wake. Lamulo ili limasindikiza mabaiti 64 m'mizere inayi ya zilembo 32:

`xxd -p -c 16 /root/kiyi.bin`

Mizere inayi munthu akhoza kuikopera papepala ndi cholembera m'mphindi zochepa, n'kuisunga m'bokosi lokiya kutali ndi kompyuta. Fayilo ya mabaiti 4096 ingatulutse mizere 256, zilembo 8192, ndipo palibe angazikopere popanda kuphonya. Singakwanenso mu QR code imodzi, imene malire ake ndi mabaiti 2953.

Pepalalo musalikhulupirire musanaliyese. Lembani mizere inayiyo m'fayilo yatsopano mukuwerenga papepala, osati pa sikirini, kenako muibwezere kukhala mabaiti:

`xxd -r -p pepala.txt > kuyesa.bin`

`sha256sum kuyesa.bin`

Chidindo chikafanana ndi chija munalemba poyamba, pepala lanu ndi lolondola. Chikasiyana, fufuzani malo amene 0 wafanana ndi 8, kapena 6 wafanana ndi b, chifukwa zolemba pamanja zimasokoneza kwambiri pamenepo. Mukamaliza, futani mafayilo awiri oyeserawo, ndipo ndi bwino kuti kuyesaku muchitire pa disiki yotetezedwa kapena mu /dev/shm, imene imakhala mu memory, popeza pa SSD ndi pa fulashi fayilo yofutidwa ikhoza kutsalabe m'kati ngakhale mutailembapo zina pamwamba.

Kope la header lija lisungeni mosamala ngati kiyi, koma osati pamodzi ndi pepalalo. Ngati tsiku lina mukukayikira kuti fayilo ya kiyi yaonedwa ndi munthu wina, pangani yatsopano, muionjezere ndi kuiyesa monga tachitira pamwambapa, kenako muchotse yakaleyo ndi lamulo la luksRemoveKey. Mukatero, tengani kope latsopano la header n'kuwononga lakale, chifukwa kope lakalelo likadali ndi kamalo kaja, ndipo munthu amene ali ndi kopelo pamodzi ndi fayilo yakale akhozabe kutsegula disiki yanu.